Dzaleka yadzaza: tiyerekeze njira zosungira anthu othawa kwawo

Msasa wa Dzaleka ku Dowa anautsegula mu 1994, pamalo pamene kale panali ndende ya akaidi a ndale m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi. Anaukonzera anthu apakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ndi ena ochepa a ku Ethiopia ndi Somalia. Kuchokera mu Lilongwe ndi mtunda wa makilomita ongopitirira 40: mutenga M1 kulowera kumpoto, mudutsa Lumbadzi, n'kukhotera kumanja msewu wopita ku Dowa boma.

Ife a mu Lilongwe nkhaniyi imatikhudza ngakhale amene sanapondeko ku Dzaleka. Shuga wa pa okala ya "kwa Mburundi" ku Area 25, ku Kawale kapena kwa Chinsapo tamwera tiyi tonsefe. Mtedza ndi nyemba za pa Mgona tadya. Amayi ambiri zovala za pa chinkhoswe anawasokera ndi telala wa ku Congo. Komanso ambirife tili ndi m'bale amene geni yake inagwa, ndipo amaloza chala alendo omwewa. Choncho poyerekeza njira zimene dziko lingatsate, ine ndimafunsa zinthu izi: adzamudyetsa ndani munthu wothawayu? Kodi boma likudziwa kuti iye ndi ndani ndipo akugona kuti? Mmalawi woyandikana naye zimuthera bwanji? Nanga mwana wake adzakhala ndani pakatha zaka 20?

Chinthu chimodzi sichili pa mkangano. Munthu amene moyo wake uli pachiswe sabwezedwa kumene wathawako. Mfundo imeneyi ili m'pangano la United Nations la 1951 ndi m'pangano la OAU la 1969, ndipo Malawi analowa m'mapangano onse awiriwa. Zimene tikukambirana n'za moyo wake akalowa kale m'dziko, kaya nkhani yake ikadali m'manja mwa komiti ya boma yoona za othawa kwawo, kaya anamuvomereza kale. Kwathu kuno magulu awiriwa amagona msasa umodzi ndipo ziletso zawo n'zofanana.

Kuwasunga onse mu msasa

Iyi ndiye njira imene tili nayo. Malawi povomera pangano la 1951, m'chaka cha 1987, anakana kumangidwa ndi mfundo zake 9. Mwa zimene anakanazo muli za ufulu wolembedwa ntchito, ufulu woyenda ndi kusankha kokhala, kukhala ndi katundu, maphunziro a boma, ndi kupeza unzika. Lamulo lathu la othawa kwawo linabwera mu 1989. Tikumbukire nyengo yake: m'dziko munali mutadzaza abale athu a ku Mozambique othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ndipo aliyense ankadziwa kuti mfuti zikadzaleka kulira adzawoloka malire kubwerera kwawo. Lamulolo linalembedwa ndi mtima wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kwa anthu a ku Mozambique zinachitikadi choncho. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, pafupifupi onse anabwerera m'zaka zochepa. Kwa anthu a ku Kivu, dera la kum'mawa kwa DRC, zakanika.

Ubwino wa msasa ulipo ndithu, ndipo amene amaunyoza wonse sanaganize bwino. Anthu mazanamazana akalowa m'dziko pa sabata imodzi, monga zinachitikira ku Kapise ku Mwanza mu 2016 kapena ku Nsanje kumapeto kwa 2024 ziwawa za chisankho zitabuka ku Mozambique, pamafunika malo amodzi owalembera mayina, kuwapima matenda, kupereka katemera, kulekanitsa msilikali wobisala ndi mayi wa ana. Mabungwe othandiza nawo amapeza posavuta pogwirira ntchito. Sukulu za ku Dzaleka zimene bungwe la Akatolika lothandiza othawa kwawo la JRS limayendetsa, chipatala, mijigo, zonsezi zimathandizanso anthu a m'midzi yozungulira. Lachiwiri likafika, msika wa pa msasapo umakoka alimi a ku Dowa ndi ogula a ku Lilongwe, ndipo tomato, mbatatesi, makala ndi nkhuku zimayenda malonda.

Vuto limayamba masabata akasanduka zaka. Mwana amene anabadwira ku Dzaleka mu 1995 lero ndi bambo kapena mayi wa zaka zosachepera 30. Chichewa amalankhula ngati mwana wa ku Mponela, mayeso a MSCE analemba n'kukhoza, kwawo kwa makolo ake sanakuonepo. Unzika alibe, chifukwa kubadwira pa nthaka ya Malawi pakokha sikupereka unzika. Ntchito sangalembedwe. Kuti atuluke mu msasa kukaona wodwala ku Kamuzu Central ayenera kupempha chilolezo. Akapeza mwayi wophunzitsa kapena womasulira m'mabungwe a mu msasa momwemo, amalandira kangachepe kongomuthokoza, kutali ndi malipiro a Mmalawi wogwira ntchito yomweyo.

Mukalowa mkati mwa msasawo mumaona zimene kuchulukana kumachita. Nyumba za zidina zosaotcha zagundana, tinjira tapakati n'tongokwanira munthu mmodzi, madzi otsukira mbale akuyenda momwemo. Madenga ena ndi a malata otsindikira ndi miyala, ena ndi a matenti ong'ambika. Pa mjigo mzere wa zigubu zachikasu umayamba kusanache, mu June chisanu cha ku Dowa chikulowa m'mafupa, ndipo amene amadikira zigubuzo kawirikawiri ndi atsikana oyenera kukhala m'kalasi. Malo onsewo ndi mahekitala ongopitirira pang'ono 200.

Ndiye pali funso la chakudya, limene kwa ine ndilo limagwetsa njira imeneyi. Munthu ukamuletsa kudzipezera yekha, wavomera kuti umudyetsa. Boma lathu ndalama imeneyo lilibe, ndipo kwa zaka zonsezi amene akhala akudyetsa Dzaleka ndi bungwe la United Nations loona za chakudya la WFP, ndi ndalama za mayiko akunja. Mu 2023 thandizolo linatsika kufika pa theka la zimene munthu amafunika kudya. M'mwezi wa November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye ndalama yochepa kale ija inasiya kugula ngakhale zimene inkagula. Mu 2025 dziko la America linadula thandizo lake lambiri la kunja, ndipo bungwe la United Nations loona za othawa kwawo la UNHCR ndi WFP onse anachepetsa ntchito zawo m'mayiko ambiri. Wanjala sakhala pansi kudikira. Amuna amakalima ganyu m'minda ya m'mbali mwa msasa pa mtengo wotsika kuposa umene mnyamata wa m'mudzimo angavomere. Mitengo imatha ndi nkhuni. Atsikana ena amagulitsa matupi awo. Anyamata amatsatira ozembetsa anthu kupita ku Joni. Zonsezi ndi zimene msasa unkayenera kuteteza.

Ndipo amene ali ndi mphamvu amatuluka basi. Pofika 2021 anthu masauzande ankakhala kunja kwa msasa, m'matauni ndi m'matreding'i senta. Mu April chaka chimenecho boma linawalamula kuti abwerere pasanathe masiku 14. Nkhani inapita kukhoti, chiletso chinatengedwa, ndipo mu August 2022 khoti lalikulu linachichotsa. Boma linaikanso tsiku la 15 April 2023, kenako pa 17 May apolisi analowa m'makwalala a Lilongwe. Anthu mazana, pamodzi ndi amayi ndi ana, anakagona ku ndende ya Maula asanawatengere ku Dowa. Mashopu anatsekedwa, makontena a pa Mgona analandidwa. Ana amene anali m'sukulu za m'tauni anasiyira panjira. Mabanja a Mmalawi ndi mlendo anasokonezeka. Eni nyumba anataya lendi, anyamata ogulitsa m'mashopuwo anataya ntchito, ndipo msasa wodzaza kale uja unalandira anthu ena owonjezera amene dzulo lake ankadzidyetsa okha. Ine sindiona amene anapindula mokhalitsa pamenepa.

Ganizo lotsegula msasa wina ku Kayilizi ku Chitipa likhoza kuchepetsa kuthithikana, ndipo n'kufupi ndi malire akumpoto kumene ambiri amalowera. Koma kumanga msasa ndi ndalama zambiri, misika ikuluikulu ili kutali, ndipo funso la amene adzadyetse anthuwo limangosamuka nawo. Tinali nawo kale msasa wachiwiri ku Luwani ku Neno, umene unatsekedwa mu 2007 n'kutsegulidwanso mu 2016 kwa kanthawi.

Kuwapatsa munda

Anthu akamatchula njira imeneyi amaloza ku Uganda. Lamulo lawo la 2006 limalola wothawa kwawo kugwira ntchito, kuchita bizinesi ndi kuyenda m'dziko, ndipo m'malo monga Nakivale ndi Bidibidi banja limapatsidwa kamalo komanga ndi kolima. Uganda akusunga anthu oposa 1.5 miliyoni mwa njira imeneyi, kuposa dziko lina lililonse mu Africa. Ana awo amaphunzira limodzi ndi ana a eni dziko, ndipo chipatala chimakhala chimodzi.

Ifenso njirayi tinaiyesapo tisanaidziwe dzina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Malawi anali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni, ndipo analandira anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni boma. Ambiri, makamaka ku Dedza ndi ku Ntcheu, sanalowe mu msasa ayi. Mafumu anawapatsa pomanga, abale anawagawira kolima, poti anali Angoni ndi Achewa okhaokha olekanitsidwa ndi msewu. Mtolo unali wolemera, nkhalango zinatha, zitsime zinaphwa, koma dziko silinapasuke. Poyerekeza ndi nthawi imeneyo, anthu a ku Dzaleka lero sakwana mmodzi pa anthu 300 alionse a m'dziko muno.

Komabe sindinganene kuti titengere Uganda ndendende. Malo athu ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo lero tapitirira 20 miliyoni pa nthaka yomweyo. M'maboma ambiri banja la Mmalawi likulima kachigawo kosakwana hekitala, milandu ya malire a minda ili tho kwa mafumu. Kupereka munda kwa mlendo pamene mwana wa m'mudzimo alibe, n'kubzala chidani chimene chidzaphuke nthawi ya njala. Ku Uganda komweko minda yakhala ikucheperachepera anthu akamachuluka, chakudya chothandizira chinadulidwanso, ndipo mu 2018 zinaululika kuti chiwerengero cha othawa kwawo chinali chitakwezedwa mwachinyengo ndi anthu pafupifupi 300,000. Chinanso n'chakuti si onse alimi. Wochokera mu mzinda wa Bukavu ku DRC kapena wa Bujumbura ku Burundi mwina moyo wake wonse wakhala makaniko, namwino kapena mphunzitsi, ndipo khasu silimuthandiza.

Ngati tingatengepo kanthu, ndingasankhe zimene anachita anzathu a ku Zambia. Anthu a ku Angola atasiya kuwerengedwa ngati othawa kwawo mu 2012, boma la Zambia linali litalonjeza kale kukhazikitsa 10,000 mwa iwo, ndipo ku Meheba ndi ku Mayukwayukwa linagawa malo kwa iwo pamodzi ndi nzika za Zambia, moyandikana. Mwini dziko akalandira nawo munda, mjigo ndi sukulu, nsanje imachepa. Kwathu izi zingatheke pang'ono pokha, pa malo a boma kapena pa maesiteti ogona, komanso kwa okhawo amene ulimi ndiwo ntchito yawo. N'chidutswa cha yankho, sichingasenze anthu 50,000.

Kuwasiya adzionere okha m'tauni

South Africa alibe misasa. Pansi pa lamulo lawo la 1998, wopempha chitetezo amalandira chikalata chongoyembekezera, amadzipezera yekha pogona, ndipo khoti linagamula mu 2003 kuti kumuletseratu kugwira ntchito pamene boma silikumudyetsa n'kumuchotsera ulemu wake. Boma siliwononga ndalama pa chakudya kapena matenti. Anthu amachita lendi, amagula, amagulitsa.

Amalawife mbali yowawa ya njira imeneyi timaidziwa bwino, poti abale athu ali komweko. Maofesi oweruza nkhani za opempha chitetezo anadzaza, anthu n'kumangowonjezera masiku a chikalata chaka ndi chaka osamva mathero. Ofuna ntchito chabe nawonso analowa khomo lomwelo chifukwa khomo lina linali lotseka, ndipo wothawa nkhondo weniweni anamira m'gulumo. Alendo anakaunjikana m'makomboni momwe eni dziko akuvutika kale ndi ulova, popanda wowayanjanitsa. Mu May 2008 ziwawa zinapha anthu 62. Mu April 2015 zinabukanso ku Durban, ndipo boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi. Ambirife tikukumbuka nkhope za anthu aja akutsika basi ndi kachikwama kamodzi. Kumasula anthu popanda kalembera wodalirika, popanda kuweruza nkhani msanga, ndiponso osamvera madandaulo a osauka a m'dzikomo, kumathera pamenepo.

Kuwachotsa m'dziko

Apa sinditalikitsa, chifukwa zitseko zake n'zopapatiza. Kubwerera kwawo mwa kufuna kwawo n'kwabwino, ndipo ena a ku Burundi abwereradi. Koma kum'mawa kwa Congo, kumene ambiri a ku Dzaleka anachokera, gulu la zigawenga la M23 linalanda mzinda wa Goma mu January 2025 ndi Bukavu mwezi wotsatira. Simungauze mayi kuti abwerere kumeneko. Kusamutsidwira ku America, Canada kapena Australia ndilo loto la pafupifupi aliyense mu msasamo, koma padziko lonse amene amapeza mwayi umenewu pa chaka sakwana mmodzi pa 100, ndipo America anaimitsa ndondomeko yake mu January 2025. Zolipira dziko lina kuti likusungire alendo anayesa a ku Britain ndi Rwanda kuyambira April 2022. Khoti lawo lalikulu linakana mu November 2023, boma latsopano linathetsa ndondomekoyo mu July 2024, ndipo linanena kuti panali patapita kale mapaundi pafupifupi 700 miliyoni. Ndalama zotero ife tilibe, ndipo ngakhale tikanakhala nazo sindikanafuna kuti tizigwiritse ntchito motero.

Msasa polandirira, kenako chitupa ndi chilolezo

Njira imene ine ndaima nayo imatenga pang'ono kwa zonsezi. Wofika kumene alandiridwe ku Karonga kapena ku Dzaleka, alembedwe, atengedwe zidindo za zala, apimidwe. Nkhani yake imvedwe m'nthawi imene lamulo laika, tinene miyezi 6 kapena chaka, ndipo wokanidwa akhale ndi kokadandaula. Wovomerezedwa, komanso amene nthawi yadutsa boma lisanamuyankhe, alandire chitupa chodziwika ku banki, ku makampani a foni ndi kwa wapolisi wa pa rodibuloko. Ndi chitupa chimenecho aloledwe kukhala m'boma limene walembetsa, adziwike kwa mfumu ya dera kapena kwa bulokolida, ndipo akasamuka akanene. Nkhalamba, olumala, ana amasiye ndi aliyense amene sangadziimire atsale ku Dzaleka, kumene thandizo lochepa lija lidzawakwanira bwinoko pakamwa pakachepa.

Amene amadera nkhawa za chitetezo ayenera kuikonda njira imeneyi kuposa wina aliyense. Lero munthu wokhala ku Area 36 mobisala boma silimudziwa. Dzina la pa shopu ndi la Mmalawi wobwerekedwa, simu khadi ndi ya mnzake, ndalama amasunga m'nyumba chifukwa akaunti sangatsegule. Wokhala mobisala amalipira kuti asagwidwe, ndipo ndalama imeneyo siifika ku thumba la boma. Mukamupatsa chitupa mumadziwa kumene amagona, mumadziwa chimene amagulitsa, ndipo akaphwanya lamulo muli ndi chomulanda. Za anthu amene akuganiziridwa kuti anapha anzawo ku Rwanda mu 1994, pangano la 1951 lomwelo limati wotere si woyenera chitetezo. Afufuzidwe payekha ndi dzina lake, akayankhe kukhoti. Mwana wobadwa mu 2005 alibe nawo mlandu umenewo.

Tsopano dandaulo la wageni wa Chimalawi, limene anthu ena ophunzira amafulumira kulitcha tsankho. Ine ndimalimva. Taganizani za mayi wa ku Mtandire amene watenga ngongole ku banki mkhonde, wagula bale la shuga limodzi, katoni ya sopo ndi mafuta a malita 5 oti azipima m'timapepala. Pafupi naye patsegulidwa shopu imene imatsegula 5 koloko m'mawa n'kutseka 10 koloko usiku, katundu ali mpaka kudenga, mtengo wotsikirako ndi makwacha angapo. Eni shopuyo amaoda pamodzi ndi anzawo khumi, ndiye holoselo imawatsitsira. Amabwerekana mpamba popanda chiwongoladzanja, amagona kuseri kwa kauntala kuti asalipire lendi kawiri. Mayi uja sangapikisane nawo, ndipo shuga wake akatha osagulitsidwa ngongole imamudikirabe Lachisanu. Ululu umenewo ndi weniweni.

Koma tifunse chimene chinawakankhira onse ku okala. Munthu amene sangalembedwe ntchito, sangalembetse kampani, sangagule malo, chimene chimamutsalira ndi malonda a ndalama ya pamanja, osafuna pepala lililonse. Lamulo lathu lomwe ndilo linatenga namwino, mphunzitsi wa French ndi wowotcherera zitsulo n'kuwaika onse kuseri kwa kauntala, maso ndi maso ndi Mmalawi wosaukitsitsa. Ziphaso zimene zilipo, monga TEP ya wolembedwa ntchito kapena chilolezo cha wobweretsa bizinesi, anazikonzera mlendo wobwera pa ndege ndi pasipoti ndi madola, ndipo wothawa nkhondo sangazifikire. Mukatsegula makomo ena, mpanipani wa pa okala umachepa.

Ndipo dziko lili ndi ufulu woika malire. Jordan mu 2016 anayamba kupereka zilolezo za ntchito kwa anthu a ku Syria m'magawo osankhidwa, monga ulimi, zomangamanga ndi mafakitale, magawo ena n'kusiyira nzika. Ifenso tingatero. Dokotala kapena namwino akayesedwe ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council, akakhoza atumizidwe ku chipatala cha kumudzi kumene tikusowa anthu. Mmisiri ayesedwe ndi TEVETA. Wofuna shopu alembetse m'dzina lake lenileni, atenge laisensi ku khonsolo ya mzinda, akhale ndi nambala ya msonkho ku MRA, ndipo shopu ikakula alembe Amalawi pa malipiro osatsika pa amene boma linakhazikitsa. Khonsolo ikhoza kunena kuti mabenchi a mu msika, kabaza ndi geni ya m'mbali mwa msewu n'za nzika zokha. Ogula mbewu m'midzi, mlendo ndi Mmalawi yemwe, akhale ndi chilolezo ndi sikelo yopimidwa, chifukwa mlimi wobedwa pa sikelo safunsa mtundu wa amene wamubera. Malire otere ndi abwino kusiyana ndi chiletso chimene aliyense amadziwa kuti chimagulidwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa njira imeneyi ndi mphamvu za maofesi athu. Chitupa chimafuna makina, antchito ndi kukhulupirika, ndipo pamene pali chilolezo pamabweranso wofuna ya fanta. Komiti yoweruza nkhani ikapanda kukhala pansi kawirikawiri, tidzagwa m'dzenje la South Africa. Ena amaopanso kuti moyo ukafewa anthu adzabwera ochuluka. Mwina ena adzabweradi, koma Uganda ndi Zambia, amene ali pafupi ndi Congo kuposa ife, anafewetsa kale malamulo awo, ndipo chimene chimatulutsa anthu m'nyumba zawo ndi nkhondo. Pa ndalama, mayiko othandiza masiku ano amalolera msanga kulipira sukulu, chipatala ndi msewu zothandiza alendo ndi eni dera limodzi kusiyana n'kugula chimanga chaka ndi chaka. Kenya, amene wasunga misasa ya Dadaab ndi Kakuma kuyambira 1991 ndi 1992, waona zomwezo: anasintha lamulo mu 2021, ndipo mu March 2025 anakhazikitsa ndondomeko ya Shirika yosandutsa misasayo kukhala matauni wamba. Dzaleka nayo ndi tauni kale, yoposa maboma ena kukula. Chosowa ndi mapulani a misewu, ngalande ndi madzi a m'mipope, zoti anthu a ku Dowa apindule nazo limodzi.

Pa nkhani ya nyumba, lendi ya m'tauni ndi yokwanira poyambira. Kugula malo kudikire kaye, poti nthaka ndiyo imautsa mitima msanga. Mwini nyumba wa ku Biwi kapena ku Mchesi amene ali ndi tizipinda kuseri apeza wolipira, ndipo mlendo wochita lendi mwalamulo sangakwezeredwe mtengo moopsezedwa kuti akamunenera kupolisi.

Za unzika ndizo zovuta kwambiri kuzikamba pa ndale, koma pali chitsanzo pafupi. Tanzania, ngakhale amaumiriza othawa kwawo kukhala mu msasa, mu 2014 anapereka unzika kwa anthu pafupifupi 162,000 a ku Burundi amene anathawa mu 1972 pamodzi ndi ana awo. Anadikira zaka zoposa 40. Ife sitiyenera kudikira motero kuti tiyankhe za mwana wobadwira ku Dowa.

Malamulo oyendetsera dziko lathu, pa gawo 29, amapereka kwa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zofunika pa moyo paliponse m'Malawi. Mu December 2019, pa msonkhano wa ku Geneva woona za othawa kwawo, boma lathu linalonjeza kuunikanso malamulo ake pa nkhaniyi, ndipo Malawi Law Commission inayamba ntchito younika lamulo la 1989 lija. Bilu ikadzafika ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre, ine ndidzayang'ana ngati yaika malire a nthawi yoweruzira nkhani, ngati yatchula chilolezo cha ntchito chimene wothawa kwawo angachikwanitse kulipira, ndiponso ngati boma lachotsa kukana kwake kwa 1987 pa mfundo za ntchito ndi kuyenda. Popanda zimenezi lamulo latsopano lidzangokhala lakale lomwelo.

Sikofunika kutsegulira onse tsiku limodzi. Tiyambe ndi magulu amene mayina awo ali kale m'kaundula wa boma ndi wa UNHCR: obadwira ku Dzaleka amene akwanitsa zaka 18, okwatira kapena okwatiwa ndi Amalawi, ndi amene ali ndi maphunziro a zaumoyo, uphunzitsi kapena luso la manja loti lingayesedwe. Apatsidwe chilolezo cha zaka ziwiri chotheka kuwonjezera. Zaka ziwirizo zikatha, khonsolo ya Lilongwe, MRA, apolisi ndi mabungwe a ochita geni akhale pansi awerenge msonkho umene walowa, milandu imene yachitika ndi Amalawi amene alembedwa ntchito, ndipo gulu lotsatira lidzatsegulidwe potengera zimene apezazo.